Kukwera phiri lophulika n'kutsika tsiku lomwelo: kukonzekera kwake

Funso: Ndili ndi zaka za m'ma 30, ndimathamanga katatu pa sabata ndipo sindidwaladwala. Kwatsala miyezi iwiri kuti ine ndi anzanga atatu tikakwere phiri lophulika lotalika pafupifupi mamita 3,700. Tidzagona m'tauni ya m'mphepete mwa nyanja yamchere, m'mamawa galimoto idzatikweza mpaka poyambira njira, pa mamita 2,300, ndipo tikufuna kukafika pansonga n'kutsika tsiku lomwelo. Sindinafikepo pamalo okwera chonchi. Ndikonzekere bwanji, nanga ndinyamule chiyani?

Yankho: Zikomo kwambiri pofunsa nthawi ikadalipo. Pa zonse mwalembazi, chimene chandiimitsa mutu kwambiri si kutalika kwa phirilo, koma kumene mudzagone. Mudzadzuka pafupi ndi madzi a m'nyanja, ndipo dzuwa likamadzafika paliwombo mudzakhala mutakwera mamita oposa 3,000, ambiri mwa iwo muli khale pampando wa galimoto. Miyendo yanu ndikuikhulupirira. Koma magazi anu, mapapo anu ndi ubongo wanu sizidzakhala zitauzidwa kuti mwasamuka, ndipo kuthamanga katatu pa sabata sikuziphunzitsa zimenezo.

Okosijeni amapanga magawo 21 pa magawo 100 aliwonse a mpweya, kaya muli kunyanja kaya pansonga ya phiri. Chimene chimasintha ndi kupanikizika kwa mpweyawo. Mukamakwera umapepuka, moti pa mamita 3,000 mpweya umene mwakoka kamodzi umakupatsani okosijeni wokwana pafupifupi magawo 70 pa 100 a amene mukanapeza kunyanja. Pansonga ya phiri lanulo mudzapeza ochepera pang'ono magawo awiri mwa atatu, ndipo pa mamita 5,500 amatsala theka. Thupi limayankha nthawi yomweyo popuma mofulumira ndi kuthamangitsa mtima, koma kuzolowera kwenikweni kumafuna masiku. Kupuma mofulumirako kumasokoneza mlingo wa asidi m'magazi, ndiye impso zimayenera kuukonza kudzera mumkodzo kuti muthe kupitiriza kupuma mozama, ndipo ntchito imeneyi imatenga masiku angapo. Kuwonjezera maselo ofiira a magazi kumatenga masabata. Palibe masewera olimbitsa thupi ochitira kuchigwa amene angafupikitse nthawi imeneyi. Munthu wolimba thupi amadwala matenda a m'mwamba, obwera chifukwa cha kuchepa kwa okosijeni pamalo okwera, mofanana ndi wina aliyense, ndipo nthawi zina iye ndiye amayamba kugwa, chifukwa ali ndi mphamvu zokwera mofulumira komanso anazolowera kunyalanyaza ululu.

Matendawa amakonda kuyamba munthu akadutsa mamita 2,500. Chizindikiro chake chachikulu ndi mutu, wotsagana ndi nseru, kusafuna chakudya, chizungulire kapena kutopa kosagwirizana ndi mtunda umene mwayenda. Nthawi zambiri zimenezi zimaonekera pakadutsa maola 6 mpaka 12 munthu atafika pamalo okwera. Apa ndi pamene pali mwayi wa munthu woyenda ulendo wa tsiku limodzi: mukakwera ndi kutsika pa nthawi yake, mukhoza kubwerera kumunsi matendawo asanakhwime, ndipo simugona kumwambako, kumene kupuma kumachepa munthu ali m'tulo. Koma mwayiwo uli ndi malire a maola. Mnzanu akabinya bondo, chifunga chikakutsekerani njira, kapena mukangoyenda pang'onopang'ono kuposa mmene munaganizira, maola amene mumati mukhala kumwamba amachuluka, ndipo mwayi uja watha. N'chifukwa chake ine ndimaona kuti kukonzekera ulendo wotere kwagona pa kudziwiratu nthawi imene mudzatembenuke, ndi kukhala ndi mphamvu, zovala ndi kuwala zokwanira kukufikitsani pansi ngakhale zinthu zitavuta.

Ngati pali chinthu chimodzi chimene mungasinthe pa ndondomeko yanu, sinthani malo ogona. Usiku umodzi kapena uwiri pamalo a mamita 2,000 mpaka 2,500 musanakwere umathandiza kuposa chilichonse chimene mungagule. Masana a tsiku lotsogolera ulendowo, yendani pang'ono mokwera mamita mazana angapo, mukhale kumeneko ola limodzi, mubwerere kukagona kumunsi. Ngati zimenezi sizingatheke n'komwe, musatsike m'galimoto n'kuyamba kukwera pomwepo. Khalani poyambira njirapo kwa kanthawi, idyani, imwani madzi, yendayendani. Ku Hawaii kuli phiri la Mauna Kea, lotalika mamita 4,207, limene munthu angafike pansonga pake pa galimoto m'maola awiri okha kuchokera kunyanja. Oyang'anira phirilo amalangiza aliyense kuima kwa mphindi zosachepera 30 pamalo olandirira alendo amene ali pa mamita pafupifupi 2,800. Kuima koteroko sikukwanira kuti thupi lizolowere, koma kumapatsa munthu mpata womva mmene thupi lake likuyankhira asanapite patali. Amaletsanso kukwera ngati munthu wamira pansi pa nyanja ndi mabotolo a mpweya m'maola 24 apitawo, chifukwa mpweya wa naitirojeni wotsalira m'thupi umatha kuchita thovu m'magazi munthu akakwera msanga. Popeza inu mudzakhala kunyanja, lamulo limeneli likukukhudzani ngati kumirako kuli pa ndondomeko yanu.

Pitani kwa dokotala mwezi uno, osati sabata yonyamuka. Inu mukuti simudwaladwala, koma funsaninso anzanu atatuwo. Amene ali ndi vuto la mtima, la mapapo, mphumu, kuchepa kwa magazi, kuthamanga kwa magazi kosalamulirika bwino, kapena amene ali woyembekezera, ayenera kumva kwa dokotala wake asanaganize zokwera. Pali chinthu china chimene alangizi ambiri amachidumpha: matenda a magazi otengera kwa makolo otchedwa sickle cell. Amene ali ndi matenda enieniwo sayenera kupita pamalo okwera chonchi popanda chilolezo cha dokotala. Koma ngakhale munthu amene anangotengera mbali imodzi ya chibadwa chimenechi, amene sanadwalepo ndipo mwina sadziwa n'komwe kuti ali nacho, akhoza kutsekeka mitsempha ya kapamba akafika kumwamba n'kugwira ntchito yolemetsa. Zimamveka ngati ululu waukulu kumanzere, pansi pa nthiti. Kuyezetsa magazi kuti mudziwe n'kosavuta, ndipo ndikukulimbikitsani kutero ngati m'banja mwanu munamvekapo za matendawa.

Dokotala yemweyo mungamufunse za mankhwala a acetazolamide, amene ambiri amawadziwa ndi dzina loti Diamox. Amafulumizitsa ntchito ya impso ndatchula ija, ndipo mlingo umene madokotala amakonda kupereka poteteza ndi mamiligalamu 125 kawiri pa tsiku, kuyambira tsiku lotsogolera kukwera. Amachititsa dzanzi m'zala ndi m'milomo, amakodzetsa pafupipafupi, ndipo zakumwa za gasi zimasintha kakomedwe. Kwa munthu wochoka kunyanja n'kukafika mamita 3,700 tsiku limodzi, ndi nkhani yoyenera kukambirana, koma asankhe ndi dokotala wodziwa mbiri yanu, makamaka ngati mankhwala a gulu la sulfa anakuwenganipo. Akakupatsani, ayeseni kunyumba kaye. Paracetamol kapena ibuprofen amathandiza mutu, koma musamwe n'cholinga choti muphimbe zizindikiro kuti mupitirize kukwera.

Malamulo a zizindikirozo ndi achidule, ndipo nonse anayi muwadziwe pamtima. Mutu ukayamba, imani, pumani, imwani madzi, idyani kanthu. Ukapanda kusintha, musakwerenso. Ukakula, kapena kusanza kukayamba, tsikani. Kutsika mamita 300 mpaka 1,000 kumabweretsa kusintha kooneka kwa anthu ambiri. Pali mitundu iwiri yoopsa imene madokotala amaitchula mwachidule kuti HACE ndi HAPE. Woyambawo ndi kutupa kwa ubongo: munthu amayenda dzandidzandi ngati waledzera, amayankha zosagwirizana ndi funso, amakwiya popanda chifukwa kapena amangofuna kugona. Muyeseni pomuuza kuti ayende mzere wowongoka, chidendene chikugunda zala za phazi linalo. Akalephera, nkhani yatha, atsike nthawi yomweyo. Wachiwiriwo ndi madzi m'mapapo: kubanika ngakhale munthu atakhala pansi, chifuwa chosatha, milomo yosintha mtundu, ndipo pamapeto makhololo a thovu ofiirira. Pa ulendo wa tsiku limodzi zimenezi sizichitika kawirikawiri, chifukwa zimakonda kubwera munthu atagona kumwamba usiku umodzi kapena ingapo. Koma zikachitika zimatha kupha m'maola ochepa, ndipo wodwalayo ndiye amakhala womaliza kuvomereza kuti akudwala. Munthu wotere asatsike yekha, ngakhale atakana chotani kuperekezedwa.

Tsopano za miyendo. Kuthamanga kwakupatsani mtima ndi mapapo abwino, koma simunakonzekere kukwera mamita 1,400 mutabereka chikwama, ndipo koposa apo simunakonzekere kutsika mamita 1,400 omwewo mutatopa. Pa masabata asanu ndi atatu amene muli nawo, siyani tsiku limodzi pa sabata la ulendo wautali wa pamtunda wokwera, mutavala nsapato zimene mudzavale ndi chikwama cholemera makilogalamu 6 mpaka 8. Yambani ndi maola awiri kapena atatu, muziwonjezera mpaka mutakwanitsa kawiri konse ulendo wa maola 6 kapena 7 wokwera mamita pafupifupi 1,000. Kumene kulibe mapiri, masitepe a nyumba zosanja amagwira ntchito, bola muzitsikanso ndi miyendo, osati pa chikepe. Kutsika ndiko kumapweteka ntchafu ndi mawondo, ndipo anthu ambiri amavulala pobwerera, osati popita. Sabata yomaliza chepetsani zonse, mupite mutapuma.

Powerengera nthawi, oyenda m'mapiri akhala akugwiritsa ntchito lamulo limene William Naismith wa ku Scotland analemba mu 1892: ola limodzi pa makilomita 5 aliwonse, kuwonjezapo ola limodzi pa mamita 600 aliwonse okwera. Ngati njira yanu ili makilomita 8 kupita pansonga, lamuloli likupatsani pafupifupi maola 4. Koma Naismith ankayenda m'mapiri aafupi, pa nthaka yolimba. Pa phulusa ndi mpweya wopepuka, wonjezerani gawo limodzi mwa atatu kapena theka, mupeza maola 5 kapena 6, ndipo kutsika kudya ena atatu kapena anayi. Werengani chobwerera m'mbuyo kuchokera pa nthawi yolowa dzuwa, musiye maola awiri a padera, ndipo mupeza nthawi imene muyenera kutembenuka. Ilembeni. Ikakwana, mukutembenuka, kaya nsonga ikuoneka pafupi chotani. Pamalo okwera maso amanama: mamita 150 omaliza akhoza kukutengerani ola lathunthu.

Liwiro loyenera ndi limene mungathe kulankhula chiganizo chonse osadukiza kuti mupume. Kwa wothamanga ngati inu, ola loyamba lidzaoneka ngati kuseweretsa nthawi, ndipo mtima udzafuna kusiya anzanu m'mbuyo. Pang'onopang'ono ndi mtolo. Ponyani mapazi pafupipafupi, ndipo pamalo otsetsereka kwambiri muziwongola mwendo wa kumbuyo kwa kamphindi pa sitepe iliyonse kuti kulemera kukhale pa mafupa, minofu ipumeko. Amene akuyenda pang'onopang'ono kuposa onse ndiye akhale patsogolo.

Phiri lophulika lili ndi nthaka yakeyake. Mbali yaikulu ya njira imakhala phulusa ndi timiyala tosagwirana, moti mukaponda masitepe atatu, limodzi limabwerera. Pena mumadutsa pa chiphalaphala chouma, chimene chimakhala chakuthwa moti kugwa pang'ono chabe kumang'amba chikhatho ndi bondo. Choncho nsapato zikhale zolimba pansi, zogwira akakolo, zimene mwaziyendera kale masabata angapo, zokhala ndi mpata kutsogolo kuti zala zisamagunde potsika. Wengani zikhadabo za kuphazi. Pezani zophimba zomanga pakati pa nsapato ndi mwendo, zimene amazitcha ma gaiter, chifukwa timiyala tikalowa munsapato matuza sachedwa. Ndodo ziwiri zoyendera zimapulumutsa mawondo potsika ndipo zimakugwirani phulusa likaterereka. Magolovesi opepuka amateteza ku kuzizira ndi ku miyala yomwe. Kansalu kophimba mphuno ndi pakamwa kamathandiza pa fumbi, makamaka mukamayenda kumbuyo kwa anthu ena potsika. Ndipo pamalo otsetsereka musayende mondondozana wina pansi pa mnzake. Mwala ukagubuduka, fuulani mwamphamvu kuti a kumunsi amve.

Madzi musayembekeze kuwapeza. Miyala ya mapiri amenewa imamwa mvula yonse, moti mukhoza kuyenda tsiku lonse osaona kamtsinje, ndipo akasupe amene amapezeka pafupi ndi potuluka nthunzi si akumwa. Nyamulani malita atatu, kapena anayi ngati kukutentha. Mpweya wa kumwamba ndi wouma, ndipo popeza mukupuma mofulumira mumataya madzi ambiri osatuluka thukuta looneka. Komabe musadzikakamize kumwa mopyola muyeso poganiza kuti madzi amaletsa matenda a m'mwamba. Saletsa, ndipo kumwa madzi ochuluka kwambiri osadya kanthu kumasungunula mchere wa m'magazi, zomwe zimabweretsa mutu, nseru ndi kusokonezeka, zizindikiro zofanana ndi zimene mukuthawazo. Imwani mukamva ludzu, muziona mtundu wa mkodzo, ndipo muzidya pang'ono ola lililonse ngakhale njala isakupwetekeni: buledi, zipatso zouma, mtedza wothira mchere, chokoleti, chilichonse chimene mumachikonda kale, chifukwa kumwamba chilakolako cha chakudya chimathawa. Mowa ndi mapiritsi ogonetsa muzipewe usiku wotsogolera ulendo. Ngati mumamwa khofi tsiku lililonse, imwani monga mwa masiku onse, kuopa mutu wobwera chifukwa chomusiya mwadzidzidzi.

Kuzizira kumadzidzimutsa anthu ambiri ochokera kunyanja. Kutentha kumatsika ndi madigiri pafupifupi 6.5 pa mamita 1,000 aliwonse, ndiye ngati m'tauni mwanumo muli madigiri 25, pansonga mukhoza kupeza digiri imodzi kapena awiri, mphepo tisanaiwerengere. Mapiri ophulika ambiri amaima paokha, popanda mapiri ena owatchinga, ndipo kumwamba kulibe mtengo kapena thanthwe lobisalapo, moti mphepo imakupezani ndi mphamvu zake zonse. Valani mosanjikiza: chovala cha mkati chosasunga thukuta, chaubweya kapena cha nsalu zopangidwa m'fakitale, pamwamba pake chofunditsa, kenako jekete losalowa mphepo ndi mvula. Thonje lisiyeni, chifukwa likanyowa limazizira ndipo siliuma msanga. M'chikwama mukhale jekete lina lofunda limene simudzayenda nalo, loti muvale mukaima kapena wina akavulala n'kufunika kudikira thandizo maola angapo. Muikemonso chipewa chofunda, ndi kabulangeti kopyapyala konyezimira ka pangozi, kamene sikalemera kanthu.

Dzuwa nalo limapsereza kuposa mmene kuzizirako kumakuuzirani. Kuwala kwake kowononga khungu kumawonjezeka ndi magawo 10 mpaka 12 pa 100 pa mamita 1,000 aliwonse, ndipo ngati pali chipale chofewa kumanyezimiranso kuchokera pansi. Khungu lakuda limapsanso, milomo imang'ambika, ndipo maso a aliyense amafunika kutetezedwa. Mafuta oteteza ku dzuwa, opaka pamilomo, chipewa cha mlomo ndi magalasi a dzuwa enieni zikhale pa mndandanda.

Nyamukani usiku kapena mbandakucha. M'mapiri ambiri mitambo imasonkhana masana, ndipo mvula ya mabingu imakonda kugwa dzuwa litapendeka. Pansonga yopanda mtengo, chinthu chotalika kuposa zonse ndinu. Mukaona mphenzi n'kumva bingu pasanathe masekondi 30, muli kale pangozi: chokani pansonga ndi pamizere ya zitunda, mutalikirane, mutsike. Tochi ya pamutu ndi mabatire apadera munthu aliyense akhale nayo yake, ngakhale mukuganiza kuti mudzabwerako kukuwala. Chifunga chikagwa pa phulusa, mbali zonse zimafanana ndipo njira imazimiririka, choncho ikani mapu a njirayo mufoni moti azitseguka popanda intaneti, ndipo foniyo muisunge m'thumba la mkati chifukwa kuzizira kumamaliza batire. Kampasi ndi yabwino, koma miyala ina ya chiphalaphala imakhala ndi chitsulo chokoka singano yake, ndiye musaidalire yokha. Wezulo, mabandeji, pulasitala wa matuza ndi mankhwala anu a masiku onse zimamaliza katunduyo.

Ndasiyira kumapeto nkhani imene imasiyanitsa phiri lanu ndi mapiri ena onse, ndipo ndikufuna muitenge mozama. Phiri lophulika likakhala chete sizitanthauza kuti linafa. Mayiko ambiri amene ali ndi mapiri otere ali ndi mabungwe owayang'anira usana ndi usiku, monga USGS ku United States, Japan Meteorological Agency ku Japan, INGV ku Italy, GeoNet ku New Zealand ndi PVMBG ku Indonesia, ndipo mlingo wa chenjezo pa mapiriwo umalengezedwa. Pezani bungwe loyang'anira phiri lanu, muwerenge zimene likunena sabata yonyamuka, muwerengenso m'mawa wa tsikulo. Malo akatsekedwa, atsekedwa, ngakhale mutaona ena akudumpha chingwe.

Koma dziwaninso kuti chenjezo lotsika si lonjezo. Pa 27 Sepitembala 2014, Loweruka, nthawi itatsala pang'ono kukwana 12 koloko masana, phiri la Ontake ku Japan, lotalika mamita 3,067, linaphulika anthu ambiri ali pafupi ndi nsonga, ena akudya chakudya chamasana. Chenjezo linali pa mlingo wotsikitsitsa. Anthu 58 anafa ndipo 5 sanapezeke, ambiri mwa iwo ataphedwa ndi miyala yogwa kuchokera m'mwamba. Kuphulika kumeneko sikunali kwa chiphalaphala chotuluka, koma kwa madzi a pansi pa nthaka amene anatenthedwa mpaka kusanduka nthunzi mwadzidzidzi n'kuswa miyala, ndipo mtundu umenewu ndi wovuta kwambiri kuulosera. Pa 9 Disembala 2019 zofanana ndi zimenezi zinachitika pa chilumba cha Whakaari ku New Zealand, pomwe panali anthu 47 ndipo 22 anamwalira. Mu Disembala 2023 phiri la Marapi ku Indonesia linapha okwera oposa 20. Sindikunena izi kuti musapite. Anthu miyandamiyanda amakwera mapiri amenewa chaka chilichonse n'kubwerako bwino. Koma ngozi imeneyi imakula malinga ndi nthawi imene mwakhala pafupi ndi chidzenje cha pansonga, ndipo nthawiyo ili m'manja mwanu. Fikani, onani, jambulani, tsikani mukadyere kumunsi. Ngati phirilo lakhala likusonyeza moyo m'zaka zapitazi, valani chisoti cholimba, ndipo pokwera muziona pamene pali tinyumba tobisalamo kapena matanthwe akuluakulu. Likaphulika muli pafupi, bisalani kuseri kwa thanthwe, chikwama chikhale pamutu ndi pakhosi, tsekani mphuno ndi pakamwa ndi nsalu, ndipo miyala ikaleka kugwa chokanipo msanga. Potsika pewani zigwa ndi makwawa, chifukwa ndimo mumadutsa matope osefukira ndi mitambo yotentha ya phulusa.

Mipweya yotuluka m'nthaka ndi ngozi ya tsiku lililonse, ngakhale phiri lisanaphulike. Wina umaluma m'maso ndi pakhosi ndipo umadzutsa mphumu mwamsanga, choncho wa mphumu asasiye mankhwala ake opopera ndipo asayandikire potuluka nthunzi. Wina umanunkha ngati dzira lovunda, koma ukachuluka umapha mphamvu ya mphuno yomva fungo, moti fungo likatha mwadzidzidzi si umboni woti mpweyawo watha. Woopsa mwakachetechete ndi carbon dioxide, wopanda fungo ndi mtundu, wolemera kuposa mpweya wamba, umene umadikha m'maenje ndi m'malo olowa pansi kukakhala kopanda mphepo. Mu 2006, pa phiri la Mammoth ku California, anthu atatu ogwira ntchito yolondera pa chipale chofewa anafa ndi mpweya umenewu m'dzenje limene linali pamwamba pa potulukira nthunzi, ndipo mmodzi mwa iwo analowamo pofuna kupulumutsa anzake. Musapumire m'dzenje pothawa mphepo, musatsikire m'chidzenje cha pansonga, ndipo mukaona nthunzi dutsani mbali imene mphepo ikuchokera. Nthaka yoyera kapena yachikasu yozungulira malo oterewa imatha kukhala chikhungwa chopyapyala pamwamba pa matope owira, ndiye musachoke m'njira.

Fufuzaninso za zilolezo mwamsanga, chifukwa mapiri otchuka ali ndi malire a chiwerengero cha anthu. Pa Teide, ku Tenerife, phiri la mamita 3,715 limene likufanana kwambiri ndi limene mwafotokozali, kagawo komaliza kofika pansonga kamafuna chilolezo chotengeratu, ndipo malo amatha kudakali masabata. Pa Fuji, la mamita 3,776, kuyambira mu 2024 akuluakulu anaika geti pa njira ya Yoshida limene limatsekedwa dzuwa lisanalowe kwa amene alibe malo ogona m'tinyumba ta m'phirimo, pofuna kuletsa anthu okwera usiku wonse osapuma. Kumene kuli tigalimoto toyenda pa chingwe, musawerengere kuti tidzakutsitsani, chifukwa mphepo ikakula timaimitsidwa, ndipo muyenera kukhala ndi mphamvu zotsika ndi miyendo. Popeza nonse simunafikepo pamalo otere, wolondolera njira wovomerezeka ndi ndalama yogwiritsidwa bwino ntchito. Iye amadziwa mmene mitambo ya phirilo imasinthira, ndipo savutika kunena kuti tibwerere, mawu amene anzanu apamtima amachita nawo manyazi.

Manyazi amenewo muwathetse musananyamuke. Khalani pansi anayi nonse usiku wotsogolera ulendo, mugwirizane nthawi yotembenukira, mugwirizane kuti aliyense adzanena mutu ukangoyamba, ndiponso kuti wina akafunika kutsika, ndani adzatsike naye. Siyani uthenga kwa munthu wa kumene mukugona wonena njira imene mwatenga, nthawi imene mukuyembekezeka kubwera, ndi nthawi imene ayenera kuitana opulumutsa ngati simunamveke. Nambala ya opulumutsa a m'deralo ikhale mufoni ya aliyense. Onetsetsaninso kuti inshuwalansi yanu ya paulendo ikuvomereza kukwera mpaka mamita amenewa, chifukwa zambiri zimaika malire.

Mukatsika, ulendo sunathe mpaka mutafika kogona. Msewu wochoka m'phiri umakhala wokhotakhota ndi wotsetsereka, ndipo amene adzayendetse galimoto adzakhala atadzuka pakati pa usiku n'kuyenda maola pafupifupi khumi. Ngati n'kotheka, woyendetsa akhale munthu amene sanakwere nawo, apo ayi apume ndi kudya kaye asanagwire chiwongolero. Mutu wa m'mwamba uyenera kuyamba kuchepa mukamatsika ndipo uthe pofika m'mawa. Ngati wina akupitirizabe kubanika, kutsokomola, kusanza, kusokonezeka, kapena akumva ululu pachifuwa kapena pansi pa nthiti za kumanzere muli kale kumunsi, apite kuchipatala usiku womwewo, ndipo auze adokotala kutalika kumene anafika ndi maola amene anakhala kumeneko.